Ndili ndi $4,000, ndigule galimoto yanji muno mu Harare?

Mayi a Tadala (Mabvuku): Moni nonse pagulu. Ndikudziwa kuti muno muli anthu odziwa za magalimoto, ndiye ndati ndifunse. Chipereganyu cha kuntchito chandigwera mwezi uno, ndipo ndikaphatikiza ndi zomwe ndinkasunga zakwana $4,000. Ndikufuna kagalimoto koyamba. Ntchito yake si yambiri: kusiya ana kusukulu, kupita ku Msasa komwe ndimagwira ntchito, Loweruka kukatenga katundu ku Mbare, Lamlungu kutchalitchi. Laisensi ndili nayo koma za injini sindidziwa kanthu. Ndaona Honda Fit pa Facebook ya $3,900, yowala bwino. Bambo a kunyumba akuti tiwonjezere pang'ono titenge Benz yakale yomwe mnzawo akugulitsa. Ndithandizeni maganizo.

aBanda (woyang'anira gulu): Mwachita bwino kufunsa, mayi. Che Jafali amakaniko athu, aNachisale odziwa za mapepala, nkhani yanu ndi iyi.

Gift (Kuwadzana): Benz ndi Benz achemwali. Mukatsika pa tchalitchi anthu amayamba kukupatsani moni ndi manja awiri 😂

Che Jafali (Gazaland): Mayi, ndiyambe ndi funso. $4,000 imeneyo ndi ya galimoto yokha, kapena ndi ndalama zonse zomwe zili m'nyumba?

Mayi a Tadala (Mabvuku): Ndi zonse, Che Jafali. Palibenso pena.

Che Jafali (Gazaland): Ndiye musayang'ane galimoto ya $3,900. Yang'anani ya $3,100 kapena $3,200, zotsalazo zikhale m'thumba. Galimoto ya mtengo umenewu imakhala yayenda zaka zoposa 10, ndipo wogulitsa sagulitsa atangoikonza kumene. Amagulitsa pamene waona kuti zinthu zayamba kufuna ndalama. Sabata yoyamba mudzasintha oyilo ndi mafiluta, chifukwa zomwe akuuzani za sevisi simungazitsimikize. Matayala awiri mwina adzakhala atatha. Mashoko a kutsogolo pa misewu yathu ino sakhalitsa, makamaka kumakomboni komwe maenje amadzaza madzi mvula ikagwa. Batire lingakhale lotopa. Pamwamba pa zonsezo pali mapepala, omwe aNachisale afotokoza. Kuno kwathu kumabwera anthu ambiri amene anagula galimoto ndi ndalama zonse, kenako imakhala pa njerwa kudikira malipiro a mwezi wamawa.

Za Benz ndinene mosabisa. Ngati ndi C200 Kompressor ya zaka za m'ma 2000, ndi galimoto yokoma kuyendetsa, koma ikadwala imafuna ndalama za munthu amene anaigula yatsopano. Tcheni cha injini ndi magiya ake zikatha, kukonza kwake kumadya gawo lalikulu la ndalama zomwe mwatchulazo. Zamagetsi zake zimafuna munthu wa kompyuta. Mnzawo wa bambowo muwafunse chifukwa chake akuigulitsa.

Gift (Kuwadzana): Madala mwaipha Benz yanga isanabadwe.

Agogo aPhiri (Mufakose): Iwe Gift, khala chete akuluakulu akamalankhula za ndalama za mnzako. Mwana wanga Mayi a Tadala, ine ndayendetsa malole zaka zambiri ndisanapume. Langizo langa ndi limodzi: uime pa mphambano ya Samora Machel ndi Julius Nyerere kwa mphindi 10, uwerenge magalimoto omwe akudutsa kwambiri. Ugule imodzi mwa imeneyo. Galimoto yomwe ili ndi anzake ambiri mumsewu, masipeya ake uwapeza pa Kaguvi Street tsiku lomwelo, ndipo makaniko aliyense anaitsegulapo. Galimoto yachilendo umadikira chitsulo kuchokera ku Johannesburg, ana akuyenda wapansi.

Mphatso (Epworth): Agogo akanena choncho ndiye Fit yapambana kale. Harare yonse ndi Fit.

Che Jafali (Gazaland): Fit zilipo mitundu ingapo, tisazisakanize. Yoyamba ija, GD1, ya 2001 mpaka 2007, injini yake ndi yolimba ndipo simwa mafuta, koma ili ndi mapulagi 8 m'malo mwa 4, ndipo amakaniko ena amasintha anayi a kutsogolo okha n'kusiya a kumbuyo. Vuto lake lalikulu ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa otomatiki. Ikayamba kutha, galimoto imanjenjemera pamene mukunyamuka pa maloboti. Nthawi zambiri chimayambitsa ndi kuthira oyilo wamba wa otomatiki m'malo mwa oyilo wake weniweni wa CVT. Yachiwiri, GE6, ya 2007 mpaka 2013, ndi yabwinoko pa mbali imeneyi, koma yosamalika pa $3,200 simuipeza msanga. Ija ya hybrid, GP5, yomwe inayamba mu 2013, giyabokosi yake ndi ya mtundu wina, ya makilatchi awiri, ndipo sikonda kukwawa mu mdipiti wa magalimoto. Imeneyo ngakhale mtengo wake si wanu, iwaleni.

Kupatula Fit, onani Toyota Vitz ndi Mazda Demio. Vitz ya 1.0 ya kuyambira 2005 ili ndi masilinda atatu, imanjenjemera pang'ono ikaima, ndi chibadwa chake, koma mukakweza ana ndi matumba a ku Mbare imafooka pa chitunda. Ya 1.3 ndiyo yabwino. Demio anthu amaiderera, n'chifukwa chake mtengo wake umakhala wotsikirapo, koma ya 1.3 ya otomatiki wamba ya magiya anayi sivuta.

Mayi a Tadala (Mabvuku): Ya pa Facebook ija alemba kuti "new shape". Sindikudziwa kuti ndi iti mwa zimenezi.

Mphatso (Epworth): "New shape" aliyense amalemba achemwali. Afunseni akutumizireni chithunzi cha kachitsulo kolembedwa nambala ya chassis. Zilembo zoyamba zikuuzani ngati ndi GD kapena GE.

Gift (Kuwadzana): Koma bwanji osangoitanitsa ku Japan? Pa intaneti ndimaona magalimoto a $1,500, oyera ngati atsopano. Bwanji kugula zotopa za muno?

Nachisale (Warren Park): Gift, mtengo umene umaona pa intanetiwo ndi wa galimoto ili ku Japan. Uwonjezere sitima mpaka ku Durban kapena Dar es Salaam, uwonjezere wonyamula kufika pa Beitbridge kapena woyendetsa kufika pa Chirundu, uwonjezere ajenti, kenako msonkho wa ZIMRA (bungwe la boma lotolera misonkho), umene kawirikawiri umayandikira ndalama zonse zomwe walipira kale. Ndipo a ZIMRA sakakamizidwa kukhulupirira lisiti lako. Akaona kuti mtengo wachepa kwambiri amaika wawo. Chachiwiri, kuyambira 2021 pali lamulo lija loletsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10 chipangidwireni. Ndiye zotchipa zenizeni zija sizilowanso. Zomwe zimaloledwa, zikafika pakhomo ndi manambala, zimakhala zadutsa $4,000 kutali. N'chifukwa chakenso magalimoto akale omwe ali kale muno sakutsika mtengo monga momwe munthu angaganizire.

Gift (Kuwadzana): Chabwino ndagonja. Ndibwerera ku kombi.

Nangozo (Budiriro): Ine ndifunse mbali ina. Mayi a Tadala, galimotoyo mukufuna muzipita nayo kumudzi pa Khirisimasi? Chifukwa ambiri timagula tili ndi maganizo amenewo osanena.

Mayi a Tadala (Mabvuku): Mwandigwira aNangozo 🙈 Amayi ali ku Ntcheu, ndipo ana sanapiteko chibadwire.

Nangozo (Budiriro): Ndinadziwa. Ulendowo ndi wotheka ndi kagalimoto kakang'ono, anthu amapita. Kuchoka kuno kudzera ku Mutoko mpaka Nyamapanda, kulowa Mozambique, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Zobue ndi Mwanza, mpaka Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600. Koma ndikukuuzani chifukwa cha mapepala. Pa chipata chilichonse amafuna buku la galimoto, ndipo dzina la m'bukumo lizigwirizana ndi la pa pasipoti yanu. Likakhala la munthu wina, amafuna kalata yolumbirira ya mwini wake yokulolani kutuluka nayo, komanso chilolezo cha apolisi. Ngati mwini wakeyo simukumudziwa n'komwe, kalatayo mukaitenga kuti? Ku Tete kumatenthanso kwambiri, galimoto ya radiyeta yokayikitsa imawira kumeneko.

Nachisale (Warren Park): ANangozo mwandifikitsa pomwe ndimafuna. Mayi, mverani bwino apa, chifukwa injini Che Jafali akhoza kukonza, koma buku lolakwika palibe makaniko amene angalikonze.

Magalimoto ambiri muno akuyenda ndi buku la munthu amene anagulitsa kalekale. Woyamba anagulitsa kwa wachiwiri, wachiwiri sanasinthe dzina pothawa msonkho, anagulitsa kwa wachitatu, ndipo inu mukhala wachinayi. Aliyense amangopatsira mnzake kalata ya mgwirizano ndi fotokope ya chitupa cha munthu woyamba uja. Tsiku lomwe mudzafune kusintha dzina, kapena galimoto itachita ngozi, kapena itabedwa, m'pamene mudzayambe kusaka munthu amene mwina anasamukira ku UK kapena anamwalira. Akamwalira ndiye galimoto imalowa m'gulu la chuma cha masiye, achibale akhoza kuilondola.

Njira yake ndi iyi. Wogulitsa abwere ndi buku lenileni, osati fotokope, ndi chitupa chake. Dzina likhale limodzi. Nambala ya chassis ndi ya injini za m'buku muziyerekeze ndi zomwe zadindidwa pa galimoto, chilembo ndi chilembo. Anthu ambiri anasinthitsa injini osakalembetsa, ndipo zimenezo zimakugwirani kupolisi. Mulembe mgwirizano wogulitsana, musainirane pamaso pa mboni. Mupite limodzi ndi galimotoyo kwa apolisi a Vehicle Theft Squad ku Southerton akaione ngati si yobedwa. Kenako ku ZIMRA kukalipira msonkho wosinthira umwini, womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Mukatero mudule inshulansi m'dzina lanu, ndipo a CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, akutulutsirani buku latsopano. Ndalama zazikulu musapereke apolisi asanaione.

Palinso ziwiri zomwe anthu amaiwala. Funsani ku ZINARA, bungwe loona za misewu, ngati galimotoyo ilibe ngongole ya laisensi ya pamsewu. Ngongole imeneyo imatsata galimoto, osati munthu, ndiye ikakhala kuti inaima chaka osalipira, mudzalipira ndinu pamodzi ndi chindapusa. Chachiwiri, magalimoto ena analowa osalipira msonkho wonse chifukwa eni ake ndi ogwira ntchito m'boma kapena obwerera kuchokera kunja. Amenewo saloledwa kugulitsidwa mpaka patadutsa zaka zoikika, apo ayi msonkho wotsalawo uyenera kulipiridwa. Mtengo ukakoma kwambiri, funsani kuti inalowa bwanji.

Agogo aPhiri (Mufakose): Nachisale wanena zonse. Ndingowonjezera kuti galimoto ya manambala akunja, kaya a Joni kaya a kwathu ku Malawi, yoyendera pepala la TIP, usaikhudze ngakhale akupatse pa theka la mtengo. Pepala limenelo ndi la mlendo wodutsa, si la kugulitsa.

Mayi a Tadala (Mabvuku): Zikomo kwambiri nonse. Ndawaimbira a Fit aja. Chithunzi atumiza, yalembedwa GD1. Buku akuti lili m'dzina la mchimwene wawo amene ali ku Polokwane, koma akuti palibe vuto, aliyense amagula choncho. Akutinso pali anthu awiri akuifuna, ndiye nditumize $200 pa EcoCash kuti andisungire mpaka Loweruka.

Mphatso (Epworth): Musatumize ngakhale dola imodzi.

Nachisale (Warren Park): Ayi mayi. Galimoto simunaione, munthu simunamuone, buku si lake. Ndalamayo mukutumizira chithunzi.

Che Jafali (Gazaland): Ndipo GD1 pa $3,900 ndi mtengo wa misala. Akuitcha "new shape" kuti mulipire mtengo wa GE6.

Gift (Kuwadzana): Anthu awiri akuifunawo ndi omwe aja amafuna galimoto iliyonse ya pa Facebook. Sagula, amangofuna 😂

aBanda (woyang'anira gulu): Pano sitikunena kuti munthuyo ndi wakuba, sitikumudziwa. Mwina ndi dobadoba chabe amene wawonjezera yake pamwamba. Koma kukaiona n'kwaulere. Mukapita, pitani masana, pamalo pa anthu, ndipo musanyamule ndalama tsiku loyamba.

Mphatso (Epworth): Ine ndinayendetsako mushikashika, timagalimoto tija tonyamula anthu popanda chilolezo, ndiye ndikuuzeni momwe mungadziwire Fit yomwe inagwirako ntchito imeneyi, chifukwa ambiri amaipenta n'kuigulitsa ngati ya mayi wa mu ofesi. Yambani ndi zitseko za kumbuyo. Zikamatseguka molendewera kapena zikufuna kumenyetsa kuti zitseke, zatsegulidwa kambirimbiri. Mukakhala pa mpando wa kumbuyo n'kumva zitsulo, dziwani kuti unanyamula anthu anayi tsiku lililonse. Tsegulani buti, onani pulasitiki ya m'mphepete. Ikakhala yokalikakalika ndiye munkakhala anthu, chifukwa ife tinkakweza ena awiri mmenemo. Imani kumbuyo kwake patali pang'ono: ikaoneka yokhala pansi kumbuyo, masipuling'i anatopa, ikaoneka yotukuka modabwitsa, anaika a galimoto ina kuti izinyamula katundu wambiri. Kenako onani chiwongolero, mphira wa pa buleki ndi mpando wa dalaivala. Wotchi ikamati makilomita 90,000 koma chiwongolero chasalala mpaka kuwala, wotchiyo inabwezedwa. Kubweza wotchi masiku ano ndi ntchito ya mphindi zochepa pa laputopu.

Nangozo (Budiriro): Mphatso ukudziulula wekha apa 😂

Mphatso (Epworth): Ndi ntchito inandilerera ana, anti, sindichita nayo manyazi. Koma galimoto yomwe ndinkayendetsa sindikanaigulitsa kwa munthu wa pagulu lino.

Che Jafali (Gazaland): Za injini ndinene pang'ono, kuti ngakhale ine palibe mudziwe poyang'ana. Muwauze kuti mukufuna kuipeza isanalizidwe tsiku limenelo. Mukafika gwirani boneti. Ikakhala yofunda pamene munapangana, pali chomwe akubisa, chifukwa injini yotopa imadziulula ikamalira koyamba m'mawa. Tembenuzani kiyi osaliza: timagetsi tonse pa dashibodi tiyake, ka injini, ka oyilo, ka ABS, ka airbag, kenako tizime injini ikalira. Kamodzi kakapanda kuyaka n'komwe, anachotsa babu. Tsegulani chotsekera cha oyilo, pansi pake pakakhala zoyera ngati chambiko ndiye madzi akulowa mu oyilo, gasketi inapsa. Injini ili yozizira tsegulani radiyeta, muone ngati muli coolant kapena madzi a dzimbiri. Wina aponde mafuta inu muli kumbuyo: utsi wabuluu ndi oyilo akupsa, utsi woyera wosatha ndi madzi.

Poyesa musazungulire mudadada umodzi n'kubwerera. Yendani mphindi 20 kapena kuposa, mudutse pa mahampu ndi wailesi yozimitsa kuti mumve kugogoda kwa pansi, mukhote chiwongolero mpaka kumapeto uku mukuyenda pang'onopang'ono kuti mumve ngati ma CV joint akulira, mukwere chitunda, kenako muime injini ikulira muone ngati fani ikuyaka yokha. Fani ikamazungulira nthawi zonse chiyambire kuliza, anailumikiza mwachidule pofuna kubisa kutentha. Matayala ali ndi manambala anayi m'mbali: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chomwe linapangidwa. Ena amakhala akadali ndi matayala a chisanu a ku Japan, ofewa, omwe pa phula lotentha la mwezi wa October sachedwa kutha.

Ndikakhala ndi mpata Lachinayi masana ndikhoza kukuperekezani. Mungondilipirira kombi ndi kanthu kochepa ka ntchito.

Mayi a Tadala (Mabvuku): Che Jafali Mulungu akudalitseni. Lachinayi ndipempha kuweruka msanga.

Agogo aPhiri (Mufakose): Funso lina lomwe palibe wafunsa: izigona kuti? Uli ndi geti?

Mayi a Tadala (Mabvuku): Timachita lendi agogo, pabwalo pali kale galimoto ya eni nyumba.

Agogo aPhiri (Mufakose): Ndiye uwerengere ya alonda a pa car park usiku uliwonse. Kuno kwathu ndi dola pa usiku. Ukaisiya panja pa msewu, m'mawa upeza batire palibe, magalasi a m'mbali palibe. Uwerengerenso yoimika m'tauni, chifukwa ukachedwa kulipira amaimanga loko pa tayala. Petulo amagulitsa ndi madola a ku America, malipiro ako ngati mbali ina imabwera mu ZiG, ndalama ya muno, uganizirenso pamenepo. Ulembe zonsezi pa pepala, uyerekeze ndi zomwe umalipira kombi pa mwezi. Galimoto idzaposa, usadzinamize. Umagula chifukwa cha nthawi ndi ana, osati chifukwa chopulumutsa ndalama.

Nachisale (Warren Park): Pa pepala lomwelo alembenso laisensi ya ZINARA ndi inshulansi ya third party, zomwe anthu ambiri amadula za miyezi inayi inayi. Ndipo kuyambira 2025 lamulo likuti uyambe walipira laisensi ya wailesi ya ZBC usanapatsidwe ziwirizo. Pamene linkayamba ankanena $92 pa chaka.

Gift (Kuwadzana): Chondiwawa n'chakuti wailesi za magalimoto a ku Japan zimathera pa 90, masiteshoni ambiri sizigwira. Ukulipira wailesi yomwe ikungolankhula Chijapani ukaliza galimoto.

Mphatso (Epworth): Pali kachipangizo kotchipa kowonjezera mafunde, amaika pa Kaguvi pomwepo. Ulibe galimoto iwe, ukudandaula chiyani?

aBanda (woyang'anira gulu): Anyamata, tibwerere ku nkhani ya mayi.

Bambo a Tadala: Moni akuluakulu. Andilowetsa pagulu kuti ndidziwerengere ndekha. Za Benz ndamva, ngakhale mtima ukukanabe. Koma ndifunse: bwanji Toyota Wish? Ili ndi mipando 7, tikamapita kumudzi tikhoza kutenga ndi apongozi ndi katundu.

Che Jafali (Gazaland): Takulandirani bambo. Wish ndi galimoto yabwino, koma injini yake ndi 1.8, imamwa kuposa tomwe tatchulati, ndipo pa ndalama zanu mupeza yomwe yatopa ndi kunyamula anthu pa msewu wa Mutoko kapena wa Bindura. Kumudzi mumapita kamodzi pa chaka. Ku Msasa ndi tsiku lililonse. Gulani ya tsiku lililonse, apongozi akwere basi.

Bambo a Tadala: Mawu omalizawo mukawauze nokha 😂

*Lachinayi madzulo*

Mayi a Tadala (Mabvuku): Tabwerako. Che Jafali afotokoze okha, ine mutu wadzaza.

Che Jafali (Gazaland): Taona zitatu. Fit ija tinaipeza itafunda kale. Ponyamuka ikunjenjemera mpaka dashibodi kulira, thermostat anachotsa, fani anailumikiza mwachidule, ndipo pansi anadula catalytic converter n'kuwotcherera paipi. Buku ndi fotokope. Sitinachedwepo.

Yachiwiri ndi Vitz ya 1.3 pa car sale ina m'tauni. Injini ili bwino, koma mbali ya kumanzere inagundidwapo kwambiri: mpata wa pakati pa boneti ndi fenda sukufanana ndi wa kumanja, utoto ukusiyana ukaima padzuwa, ndipo tayala la kutsogolo ladyeka mkati mokha. Pansi chitsulo chinawongoledwa ndi moto. Akufuna $3,800 ndipo sakutsika.

Yachitatu ndi Demio ya 2008 ya mayi wina wa ku Tafara, amene amapemphera ndi achemwali awo a Bambo a Tadala. Utoto wa padenga unapsa ndi dzuwa, bampala ya kumbuyo ndi yong'aluka, siyokongola. Koma tinaipeza yozizira, yalira kamodzi, utsi palibe, magiya akulowa bwino, pansi ndi pouma. Ikufuna mashoko awiri a kutsogolo, ma bush, matayala awiri ndi sevisi. Buku lenileni lilipo, dzina ndi lawo, manambala agwirizana. Ali ndi malisiti a sevisi mu envelopu, chinthu chomwe sindichiona kawirikawiri. Akuti $3,300.

Gift (Kuwadzana): Demio yopsa denga? Achemwali, ndalama zonse zija?

Nangozo (Budiriro): Denga silifika ku Ntcheu, Gift, imafika ndi injini.

Mayi a Tadala (Mabvuku): Kunena zoona maso anga anali pa Vitz, ndi yofiira bwino. Tadala nayenso waona zithunzi akuti Demio ndi yonyasa. Koma ndawerengera. Ndikatenga Vitz nditsala ndi $200, yosakwana ngakhale mapepala. Mayi a Demio ndawauza zomwe Che Jafali apeza, ndawapempha $3,000. Akuti afunse mwana wawo amene anawagulira, andiyankha mawa.

Agogo aPhiri (Mufakose): Ukamanenerera usanyoze galimoto ya munthu. Utchule zofunika kukonza ndi mitengo yake basi. Akafika pa $3,100 utenge. Ndipo poti ndi wodziwana ndi achibale, m'pamene uyenera kulemba zonse bwinobwino. Zogulitsana pa chibale zopanda pepala ndi zomwe zimadanitsa anthu kutchalitchi.

Nachisale (Warren Park): Mwana amene anawagulirayo mumufunse ngati sanailowetse pa rebate, kuchotseredwa msonkho kuja ndinanena, komanso ngati galimotoyo sinaikidwe chikole pa ngongole ina. Mutenge nambala yake mufunse ku ZINARA mawa lomwe.

Mphatso (Epworth): Muonenso ngati muli jeke, sipanala ya matayala, tayala la sipeya lopopa, ma triangle awiri ndi chozimira moto. Pa roadblock amafunsa zimenezo, ndipo kugula chimodzichimodzi kumadya ndalama.

*Lachisanu*

Mayi a Tadala (Mabvuku): Avomera $3,100. Ku ZINARA ilibe ngongole, laisensi ikutha kumapeto kwa mwezi wamawa. Mwana wawo akuti analipira msonkho wonse pa Beitbridge ndipo mapepala a ZIMRA alipo, atumiza zithunzi. Sipeya ilipo koma jeke palibe.

Bambo a Tadala: Jeke ndigula ine, ndisaoneke ngati sindinathandizepo.

Nachisale (Warren Park): Zili bwino. Tsopano inshulansi. Ine ndikanakonda mudule comprehensive, yolipira ndi galimoto yanu yomwe, chaka choyamba, poti mukuyamba kumene kuyendetsa m'tauni. Third party imalipira galimoto ya mnzanu yokha, yanu mumakonza nokha.

Che Jafali (Gazaland): Apa ndiye tisiyana aNachisale. Pa $900 yotsalayo tichotse mapepala, mashoko, matayala ndi sevisi. Comprehensive ichokera pati? Galimoto ya mabuleki abwino ndi matayala abwino ndiyo iyambe.

Nachisale (Warren Park): Kombi ikawakhudza pa Mbudzi kapena pa Fourth Street, matayala atsopanowo sawalipirira kanthu. Afunse mtengo kaye asanakane, makampani ena amalola kulipira pang'onopang'ono.

Agogo aPhiri (Mufakose): Nonse mukunena zoona, koma thumba ndi la mwini wake. Afunse mitengo m'malo awiri kapena atatu, aone yekha. Chomwe ndikukana ine n'chakuti atenge galimoto Lolemba n'kulowa nayo m'tauni 5 koloko madzulo. Masabata oyamba aziyenda ndi munthu pambali, ayambe Lamlungu m'mawa misewu ili phee.

Mphatso (Epworth): Lamlungu ndilipo, ndikhoza kukhala nawo pambali.

Nangozo (Budiriro): Iwe ayi! Uwaphunzitsa kudutsa pa malo a anthu oyenda pansi 😂 Apite ndi agogo.

Mayi a Tadala (Mabvuku): Mitengo ya inshulansi ndifunsa mawa. Lolemba tapangana 8 koloko ku Southerton, mayiwo abwera ndi galimoto, buku ndi chitupa. Ndalama ndipereka apolisi akamaliza kuiona. ANachisale, ine ndinyamule chiyani?

Nachisale (Warren Park): Chitupa chanu ndi mafotokope ake, cha mayiwo chimodzimodzi, pepala losonyeza komwe mukukhala, ndi mgwirizano makope atatu. Poti mumachita lendi, eni nyumba akulembereni kalata, muphatikize ndi bilu yawo ya madzi kapena ya magetsi. Mu mgwirizano mulembe nambala ya chassis, ya injini, mtengo weniweni ndi tsiku. Ndikutumizirani chitsanzo kumbali usiku uno. Mboni ziwiri zibwere ndi zitupa zawo.

Che Jafali (Gazaland): Mukamaliza kumeneko mubwere nayo ku Gazaland Lachiwiri m'mawa. Oyilo ndi mafiluta tikagula limodzi kuti muone sitolo yake ndi mtengo wake. Mashoko tiyamba tafunsa mitengo m'masitolo angapo pa Kaguvi tisanagule.